Nambala Zofiira Zimene Ndinabwereketsa

Zilembo ine ndinazidziwira pamsewu ndisanalowe m'kalasi. Kwathu ndi kwa Dzoole, ndipo bambo anga ankagulitsa nzimbe ndi mbatata m'mbali mwa msewu waukulu wopita kumpoto. Galimoto ikaima, ankandigwira paphewa n'kundilozera kachitsulo ka kumbuyo kwake, amvekere, "Werenga apo." Masiku amenewo galimoto zinali zowerengeka. Zambiri nambala zake zinkayamba ndi B, kenaka chilembo china, ngati kuti galimoto zonse za dziko lino zinkabadwira ku Blantyre. Zina zakalekale zinali ndi chitsulo chakuda cha zilembo zoyera. Za boma zinkayamba ndi MG, ndipo zikamadutsa bambo ankavula chipewa ngakhale mkatimo muli dalaivala yekha.

Nditakula, nambala zotchula maboma zinachuluka. DA ndi ya kwathu ku Dowa, NS ya ku Ntchisi, KU ya ku Kasungu, KK ya ku Nkhotakota, mpaka kumaliza dziko lonse. Mtundu wa chitsulo nawo umalankhula. Chachikasu cha zilembo zakuda ndi cha galimoto ya munthu payekha. Choyera cha zilembo zofiira ndi cha galimoto yololedwa kunyamula anthu kapena katundu wa anthu ena, ndipo izi timangoti nambala zofiira. Pambuyo pake kunabwera galimoto zogula kunja, zolowera ku Songwe zili ndi nambala zongoyendera panjira, zoti mwini wake akafika akazilembetse kuno.

Ambuye anandipatsa mutu wosunga nambala. Galimoto ndikaiona kamodzi, nambala yake sinkachoka. Mphatso yomweyo inandithandiza pa Malemba: mutu ndi ndime zinkangokhazikika zokha. Nditayamba uphunzitsi pasukulu ina ya mishoni kufupi ndi Malomo, ndipo kenaka atandisankha kukhala mkulu wa mpingo, anthu ankakonda kundiyesa. Pamaliro, tikudikira adzukulu kumanda, wina ankatha kufunsa kuti lole imene inabweretsa malata a tchalitchi inali nambala yanji, ine n'kuyankha osaganiza kawiri. Ndinkanyadira, ngakhale ndinkaonetsa nkhope yodzichepetsa. Ndalemba izi poyamba kuti tchimo limene ndikufuna kuulula limveke kukula kwake.

Pa Malomo panali bambo wina wachikulire, Msilamu, mwini sitolo ya zitsulo ndi mbewu. Sindiwatchula dzina, chifukwa dzina lawolo ndinaliipitsa kale kokwanira. Anali munthu wa mawu ochepa ndi nthabwala zouma. Ankavutika ndi matenda a shuga, choncho nthawi zambiri ankakhala pampando pakhomo la sitolo, mapazi atawasanjika pa thumba la feteleza. Ine ankanditchula kuti aphunzitsi. Ndikapita kukagula misomali ankandiimitsa.

"Aphunzitsi, tayambani. Galimoto yanga yoyamba?"

Ine n'kutchula.

"Yachiwiri ija inagwera m'dambo?"

N'kutchulanso. Iwo ankaseka mpaka kutsokomola, n'kuuza ogula anzanga kuti, "Mwamva? Ine mwini wake ndinaiwala. Awa akanakhala a kumzikiti kwathu, bwenzi buku lonse lili m'mutu."

Ndi bambo amenewa amene anandigulitsa pikapu yawo yakale nditapuma ntchito. Inali yoyera, ya nambala zofiira zoyamba ndi NS, chifukwa inkanyamula katundu wa anthu. Manambala anayi otsatirawo ndikuwadziwa ngati dzina langa, koma sindiwalemba pano. Iwo anali atagula ina yoyeranso, yatsopanoko, imene mwana wawo ankayendetsa. Pondipatsa makiyi ndi bulubuku anandiuza kuti, "Tipeze tsiku tipite ku Lilongwe, tikachotse dzina langa muikepo lanu." Ndinavomera. Koma kuno kwathu ndi angati amachita zimenezo msanga? Galimoto imadutsa m'manja mwa anthu atatu, ku ofesi ikadali m'dzina la woyamba. Timati timadziwana, ndiye pepala n'lachiyani. Kawiri konse anandikumbutsa, ine n'kumati mvula ikatha, kenaka tikakolola. Chaka chisanathe injini inafa. Tinaikweza pikapuyo pamiyala kuseri kwa nyumba, udzu n'kumera pansi pake, nkhuku n'kuyamba kuikira m'menemo.

Ndili ndi msuweni wanga wa ku Bowe, mwana wa azakhali amene anandilera bambo atamwalira. Tinakulira mphasa imodzi, ndipo chisuweni chathu chinali cha mwano wokhawokha. Iyeyu anali atagula pikapu yoyera yochokera kunja, koma anali asanailembetse. Nthawi yokolola soya itafika, anatulukira pakhomo panga m'mawa wina pa kabaza, nayamba kuzungulira pikapu yangayo manja ali m'thumba.

"Asuweni, khola lodula chonchi silinaonekepo m'Ntchisi muno. Nkhukuzi zimalipira matola?"

"Likuposa lanu la ku Bowe, kumene nkhuku zimagona mumtengo ngati akadzidzi."

"Zathu n'zolimba, sizinapite kusukulu. Koma tamverani, akulu a mpingo. Nambala zofiirazi zikungochita dzimbiri apa. Mundibwereke masabata atatu okha. Yanga n'njoyera, yanu n'njoyera, angasiyanitse ndani? Ndiziyenda m'misewu ya fumbi mokhamokha. Soya akatha ndidzabweza nditazipukuta."

"Zimenezo n'zoletsedwa."

"Zoletsedwa! Si inu nomwe munalalikira za kapolo uja anakwirira mphatso yake pansi? Nayi mphatso ili pamiyala, nkhuku zikuinyerera."

Ndinaseka. Kuseka kumeneko ndiko kunali kuvomera kwanga. Si msuweni yekha amene amachita zimenezi. Nambala zimayenda kuchoka pa galimoto yakufa kupita pa yamoyo ngati jekete la paukwati, ndipo tonse timadziwa. Ndinalowa m'nyumba n'kutenga sipanala. Ndinagwada ndekha pa udzu, n'kumasula mabawuti awiri kutsogolo, awiri kumbuyo. Msuweni anati ali ndi ake, choncho anayi aja ndinawaponya m'kambale pawindo la kukhitchini. Mayi a kunyumba anali pakhonde akusola chimanga. Anandiyang'ana, nayang'ana zitsulo zija msuweni akuzikulunga m'thumba.

"Abambo, dzina lili pa nambalazo ndi la ndani?"

"N'za masabata atatu okha, mayi."

"Sindinafunse masabata."

Ndinamuperekeza msuweni mpaka kumsewu.

Sabata yachitatu, Lachitatu masana, pikapu yoyera yodzaza matumba inagunda munthu wa panjinga pamtsetse wina kunja kwa Malomo. Munthuyo anathyoka mwendo pawiri ndipo anavulala m'mutu. Dalaivala sanaime. Mayi wina amene ankachokera kuchigayo anaona nambala, ndipo poopa kuiwala anailemba pansi ndi kamtengo n'kuitchinga ndi miyala mpaka apolisi atafika. Apolisi anafufuza, dzina limene linatuluka linali la bambo a sitolo aja. Lachinayi anakawatenga pakhomo la sitolo yawo, anthu akuona. Pikapu yawo yatsopano inali itapita ku Nkhotakota ndi mwana wawo kukapikula mpunga, ndipo zimenezi zinangowonjezera chikayiko: galimoto yoyera palibe, woyendetsa palibe, nambala ndi zawo. Unali mwezi wawo wosala kudya, masiku omalizira.

Nkhaniyi inandipeza Lachinayi lomwelo madzulo. Ndinaimbira msuweni. Anayankha monong'ona.

"Asuweni, ndinaopa. Mukudziwa zimene anthu amachita akamugwira dalaivala. Galimoto ndaibisa m'chigafa. Chonde, musanditchule. Amayi akamva afa."

"Nanga bambo aja ali m'chitokosi?"

"Awo ndi anthu odziwika, atuluka mawa lomwe. Anzawo a kumzikiti sangawasiye. Ine ndili ndi ndani?"

Ndikanakonda kulemba kuti mawu amenewo anandinyansa. Zoona zake n'zakuti anandikomera. Ndinawalandira ngati madzi ozizira. Ndinadziuza kuti ali ndi anthu awo, ndipo pansi pa maganizo amenewo panali ena oipa koposa, oti si a m'khola lathu. Ine amene ndinaphunzitsa ana zaka zambiri za mlendo uja wa mtundu wonyozeka, amene anaima panjira n'kumanga mabala a munthu wovulazidwa pamene a m'kachisi analambalala, ndinayamba kusankha kuti mnansi wanga ndi uti.

Lachisanu m'mawa galimoto ya apolisi inaima pakhomo. Anatsika awiri, wamkulu wake anali mayi. Kumbuyo kunali bambo a sitolo aja, ali mu mkanjo womwe anavala powatenga dzulo lake, opanda kachipewa kawo. Anabwera nawo kuti awalondolere njira, chifukwa anali atawauza kuti galimoto ya nambala imeneyo anagulitsa kwa aphunzitsi. Atandiona nkhope yawo inamasuka. Anakweza dzanja kundilonjera, ngati munthu amene wafika pamene mavuto ake athere.

Ndinawatengera apolisi kuseri kwa nyumba. Anaona okha miyala, udzu, thadzi litafungatira mazira pampando wa dalaivala.

"Iyi ndiye sinagunde munthu," anatero mayi uja. "Ikanagunda, bwenzi mboni ndi nkhukuyi. Koma nambala zake zili kuti, bambo?"

"Mapepala a galimotoyi sali m'dzina langa. Ali m'dzina la eni ake."

"Zimenezo tikudziwa. Ndikufunsa zitsulo. Pamene munkaigula, inabwera ndi nambala zake, kapena anachotsa eni ake?"

Tinali titabwerera kutsogolo, pafupi ndi galimoto yawo. Bambo aja ankamva zonse. Mayi a kunyumba anali chilili pakhomo la khitchini, kambale kaja kali pawindo pambali pa phewa lawo.

"Papita nthawi," ndinatero. "Sindikukumbukira bwino."

Wapolisi analemba. Sankandidziwa, ndiye kwa iye anali mawu wamba a munthu wokalamba. Koma m'galimotomo munali munthu mmodzi amene ankadziwa kuti mawu amenewo sangatuluke m'kamwa mwanga n'kukhala oona. Sanakuwe, sanatsutse. Anangoti, motsitsa, ngati akufunsa njira:

"Aphunzitsi?"

Ndinayang'ana pansi. Galimoto inalira n'kubwerera. Dzuwa litafika pamutu tinamva kuitana kwa kumzikiti kuchokera ku Malomo, monga timamvera Lachisanu lililonse mphepo ikamachokera kumeneko. Ndinalowa m'nyumba n'kutseka windo.

Tsiku limenelo ndi Loweruka lake ndinakhala loya wa ine mwini. Ndinkati sindinawanamizire kanthu, sindinanene kuti anachotsa ndi iwo. Ndinkati mwana wawo akabwera ndi pikapu yopanda chibowo, zonse zidziwika zokha. Ndinkati azakhali anandilera ndili wamasiye, ndingawabwezere ndi unyolo pa mwana wawo? Ndinkaganizanso za ine: mlandu wobwereketsa nambala, bwalo la akulu a mpingo, mpando wanga wa kutsogolo. Ndinatsegula Malemba kufuna ndime yondipepesa, koma mutu wanga womwewo unanditembenukira. Paliponse pamene ndinatsegula, ndime ina inkabwera yokha ndi nambala yake: lamulo lija la umboni wonama, munthu uja anakumba pansi m'hema wake n'kubisa chovala ndi siliva gulu lonse n'kuvutika chifukwa cha iye, wophunzira uja anaotha moto pabwalo n'kunena kuti munthuyo samudziwa. Iye uja tambala atalira analira misozi nthawi yomweyo. Kwathu atambala analira Loweruka m'mawa, ine ndinadzuka n'kukapalira m'dimba.

Mwana wawo anabweradi Loweruka. Koma pikapu yonyamula katundu m'misewu yathu siisowa zibowo, ndipo apolisi anaigwira kuti aiyeze bwino Lolemba. Wovulala uja anali asanatsitsimuke mokwanira kuti alankhule. Bambo aja anakhalabe m'chitokosi. Mayi a kunyumba anapita ku Malomo kukagula mchere, ndipo atabwera anandiuza nkhani akuyang'ana m'dengu, osati kwa ine.

"Ndakumana ndi akazi awo. Akumawapititsira phala ndi madzi dzuwa likamalowa. Akuti masana akukana kudya, ati kusala sikuona malo. Mapazi atupa, nsapato sizikulowa. Pamsika anthu akuti n'kale lomwe ankawakayikira."

"Atuluka, mayi."

"Eya. Mwezi akuti uoneka lero. Mawa ndi Idi."

Mawa lakelo linalinso Lamulungu la Mgonero kumpingo kwathu, ndipo ine ndinali mmodzi wa ogawa mkate. Mayi anandisitira shati yoyera ndi jekete lakuda monga mwa masiku onse. Popita kutchalitchi tinakumana ndi mabanja achisilamu akupita kumapemphero awo, ana atavala zatsopano, azibambo mikanjo yoyera mbee. Sitolo ija inali yotseka, mpando uja uli pakhonde wopanda munthu.

M'tchalitchi tinaimba, abusa analalikira, sindinamve kanthu. Itafika nthawi yoti akulu tipite kugome, ndinapisa dzanja m'thumba la jekete kufuna kampango kopukutira manja. Zala zanga zinakhudza zitsulo zozizira. Mabawuti anayi aja. Ndinatembenuka kuyang'ana mbali ya amayi. Mkazi wanga anali atayang'ana kutsogolo, buku la nyimbo lili pamiyendo, ngati sakudziwa kanthu.

Ndime imene inabwera pamenepo sinafunike kuifuna. Ndi ija yonena kuti ukafika ndi mphatso yako paguwa, n'kukumbukira kuti mbale wako ali nawe chifukwa, uisiye pomwepo uyambe wapita. Liwu lakuti kukumbukira ndilo linandilasa. Ndinaona manja anga, omwe anagwira sipanala, akukatenga mbale ya mkate n'kumapatsa anthu osalakwa mmodzimmodzi. Akulu anzanga anaimirira n'kupita kutsogolo. Ine ndinaimirira n'kupita kukhomo. Mkulu wina wa pafupi nane anandikoka jekete.

"Akulu, gome lili uku."

"Ndikudziwa. Gawani inu."

Ndinakwera kabaza mpaka kupolisi. Ndinapeza mayi wapolisi yemwe uja ali pa kauntala. Ndinaika mabawuti anayi patebulo n'kunena zonse: tsiku, sipanala, thumba, dzina la msuweni wanga, chigafa cha ku Bowe. Ndinatchula nambala yonse osayang'ana pepala, n'kuwonjezanso nambala yongoyendera imene pikapu ya msuweni inabwera nayo. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Lachisanu munali musakukumbukira bwino. Lero mukukumbukira ndi za galimoto zimene sitinafunse. Mankhwala ake ndi ati, bambo, tizipatsako mboni zina?"

"Ndinanama, mayi."

"Mwavalatu bwino ponena zimenezo."

Ndinapempha kuti bambo aja awatulutse nthawi yomweyo, ine ndilowe m'malo mwawo. Anandiuza kuti zinthu siziyenda choncho. Anayenera kuyamba apita ku Bowe akaione galimotoyo, ndipo woti asaine anali kulibe mpaka mawa. Ndikanalankhula Lachisanu m'mawa, onsewo analipo, ndipo galimoto yawo inali ndi mafuta pakhomo panga pomwe. Bambo aja akanapemphera Lachisanu limenelo kumzikiti, akanadya Idi ndi ana awo. Anatuluka Lolemba dzuwa litapendeka, atagwiriridwa ndi mwana wawo, nsapato zili m'manja.

Zimene zinatsatira sindizitalikitsa, chifukwa zinali zondiyenera. Pikapu ya msuweni anaipeza m'chigafa, nambala zanga zikadali pomwepo. Iye anaweruzidwa pa mlandu wake, ine pa wanga. Kumpingo ndinaimirira pamaso pa akulu anzanga, ndipo anandiimitsa pa udindo ndi pa Mgonero kwa nthawi. Azakhali anandiuza kuti analera njoka, ndipo mpaka lero ndikapita ku Bowe amandilandira ngati mlendo wa boma. Wovulala uja anachira, koma amayenda motsimphina ndipo njinga anasiya. Ndimapita kukamuona. Zonsezi n'zolemera, koma zili ndi malo ake ozisenzera. Chimene chilibe pogwira ndi cha bambo aja.

Panapita masiku asanu ndisanalimbe mtima kupita kusitolo. Ndinawapeza pampando wawo, mapazi ali pa thumba, atakulungidwa nsalu. Ndinavula chipewa n'kugwada pa simenti, ogula akuona. Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira, koma anandidula ndisanafike pakati.

"Dzukani, aphunzitsi, mudetsa buluku. Khalani apa."

Ndinakhala pa benchi.

"Galimoto yanga yoyamba?"

Ndinazengereza, kenaka ndinatchula.

"Yachiwiri, ya m'dambo?"

Ndinatchula.

"Yachitatu?"

Imeneyo ndiyo inali pikapu ija. Ndinaitchula. Nthawi ino sanaseke. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Mutu uli bwinobwino. Ndinkada nkhawa m'chitokosi muja. Ndinkati kapena aphunzitsi adwala."

"Sindinadwale, bambo. Ndinaopa, ndipo ndinakuonani ngati munthu woti akhoza kusenza m'malo mwanga. Ndikhululukireni."

"Kukhululuka n'kwa Mwini wake, ife timangotsanzira. Ine ndilibe nanu mlandu." Anayang'ana kumsewu. "Koma mukudziwa, chaka chino ana anga onse anabwera. Wa ku Joni yemwe, ndi mdzukulu amene sindinamuonepo. Anapha mbuzi Lamulungu, palibe anadya. Lolemba m'mawa basi yawo inanyamuka. Mwanayo ndinangomuonera pa foni."

Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Lachinayi mudzuke m'mawa. Tipita ku Lilongwe. Mvula yatha, mwakolola. Palinso china?"

"Palibe, bambo."

Tinapita pa minibasi, iwo kutsogolo chifukwa cha mapazi, ine kumbuyo. Ulendo wonse maso anga ankawerenga okha nambala za galimoto zimene tinkapitirizana nazo, DA, LL, KU, zachikasu ndi zofiira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinaona kuti kuseri kwa chitsulo chilichonse kuli munthu amene adzayankhe chikalakwa. Kale ndinkangoona masewera a mutu. Ku ofesi tinaima pamzere nthawi yaitali, iwo atatsamira khoma. Titafika pawindo, kalaliki anafunsa osadzutsa mutu kuti galimotoyi tsopano mwini wake ndani.

"Ndine," ndinatero.

"Mwamva, achimwene?" bambo aja anauza kalalikiyo. "Lembani msanga asanaiwale."

Kalaliki anaseka osadziwa chimene akuseka. Inenso ndinayesa kuseka.

Pa Malomo dzina lawo silinayere lonse. Ndinanena poyera kutchalitchi ndi pamsika kuti wolakwa ndinali ine, koma mbiri yoipa ili ndi miyendo, yabwino imakwawa. Mpaka lero alipo amene amati, "Sitolo ya mdala uja anagonapo m'chitokosi," osakumbukira chifukwa chake. Bala la kuphazi kwawo limene linayamba sabata imeneyo silinapole bwino. Anamwalira nyengo ya mvula yotsatira, mwezi wosala usanabwerenso. Sindinganene kuti masiku anayi aja ndiwo anawapha. Palibe dokotala ananena choncho, ndipo ana awo sanandilozepo chala. Chimene ndikudziwa n'chakuti Idi imene ndinawalanda inali yawo yomaliza, ndipo mdzukulu uja sanamunyamulepo.

Pamaliro awo ndinaima kumbuyo, chifukwa mwambo wawo sindiudziwa. Mwana wawo anandiona, nabwera kudzandigwira dzanja n'kundipititsa kutsogolo kuti nane ndisenzeko chithatha pang'ono, monga amachitira amuna onse polandizana. Ndinasenza masitepe owerengeka. Anali opepuka kwambiri.

Ndinabwezeretsedwa pa Mgonero, ndipo ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwazi wa Ambuye ndi wokwanira ngakhale pa tchimo ili. Koma udindo wogawa mkate ndinapempha kuti asandipatsenso. Anthu akandifunsa nambala ya galimoto pamaliro, ndimayankhabe, poti kunena kuti ndaiwala kungakhale kubwereza bodza lomwe lija. Kungoti sindimwetuliranso.

Mlandu utatha apolisi anandibwezera zitsulo ziwiri zija pamodzi ndi mabawuti anga. Ndinagwada pa udzu womwe uja n'kuzimanganso, mabawuti awiri kutsogolo, awiri kumbuyo, mayi a kunyumba atandigwirira sipanala. Pikapuyo sinayendenso. Ogula zitsulo zakutha abwera kangapo, ndimawabweza. Chaka chatha mnyamata wa mlamu wanga, bambo wa ana atatu tsopano, anaima pomwe anaima msuweni paja, n'kuyamba kunena kuti nambala zofiirazi zikungochita dzimbiri. Ndinamutengera pakhonde, mayi n'kumuikira tiyi, ndipo ndinamufotokozera zonse zimene ndalemba panozi, kuyambira pa sipanala.